Msambo Unabwerera Mdzukulu Ali M'chikuta

Amene anayamba kulengeza kuti ndasiya kusamba si ine. Anali mayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa malemu mayi anga, amene amakhala kwathu ku Mitundu. Analengezera pamaliro a msuweni wathu, kuseri kwa nyumba kumene amayi timaphikira.

Ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, atsikana anayamba kuyang'anayang'ana munthu wothira mchere. Kwathu mkazi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo za anthu. Amati akathira, odyawo amadwala mdulo, kutsokomola ndi kutupa miyendo. Pagulu ngati pamenepo palibe amene amafuna kufunsidwa za thupi lake, ndiye mchere amangoupereka kwa mayi amene anasiyiratu kusamba. Mayi aang'onowo anandikoka nsalu n'kundifunsa chapansipansi kuti ndinaona liti komaliza. Ndinawauza kuti papita miyezi ingapo, mwina theka la chaka. Sanadikire kuti ndimalize. Anatenga mbale ya mchere n'kundiika m'manja.

"Uyu wakula tsopano," anatero mokweza. "Mchere muzimupatsa uyu."

Pamaliro salulutira, koma amayi anandigwira chanza mmodzimmodzi ngati ndakhoza mayeso. Ndisaname, zinandikomera. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo kwa zaka ziwiri thupi langa linali likundichita zachilendo popanda wondiuza dzina lake.

Ndimagwira ntchito ya usekilitale pa ofesi ina ku City Centre. Ndikhala phee pamakina anga ndikulemba kalata, moto n'kuyambira pachifuwa, kukwera m'khosi, kufika kumaso, thukuta n'kuyamba kutsika kumsana. Mwezi wa Juni ine ndinkatsekula mawindo, atsikana a mu ofesi ali njenjenje m'majuzi awo. Dzina la bwana amene ndamugwirira ntchito zaka zambirimbiri linkandithawa ndili pafoni. Tulo tinkaduka pakati. Mtima wapachala ndiye ndinabadwa nawo, koma masiku amenewo unafika pena: kondakitala wina wa minibasi ya ku Old Town ankati akandiona pasiteji, amauza dalaivala kuti adutse. Ndinayezetsa malungo kangapo, osapezeka. Shuga analibe, kuthamanga kwa magazi kunali bwino. Amuna anga anali atamwalira zaka zisanu zapitazo, ndiye anthu ankangoti ndi maganizo.

Choncho mayi aang'ono atandipatsa mbale ija, ndinailandira ndi manja awiri. Mavuto onse aja anapeza chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinabwera ndi udindo. Ndinabwerera kwanga ku Area 4 ndikuyenda ngati munthu amene wakwezedwa pantchito. Mapadi amene anatsala m'kabati ndinapatsa mtsikana wa nyumba yoyandikana, ndikumuuza kuti ine ndamaliza sukulu imeneyo.

Nthawi imeneyo mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndili naye, anali woyembekezera. Amakhala ku Area 14 ndi mwamuna wake, m'nyumba ya mpanda ndi geti, kumene munthu umamva mbalame masana. Onse awiri ndi anthu a mu ofesi, patebulo amasakaniza Chingerezi, dzina la mwana ankalifuna pa foni. Koma mwana woyamba akamabwera, mwambo umakwera minibasi n'kudzafika pageti. Unafika ndi mayi ake a mkamwini wanga, asewere anga, ochokera cha ku Nsaru: mayi wamtali, wa duku lowongoka, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo, amene sanazolowere kufunsidwa kawiri.

Za chikuta tinagwirizana mosavuta, chifukwa tonse tinakulira momwemo. Khanda likabadwa limakhala m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo amene amaligwira ndi anthu ozizira okhaokha. Mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wachokera kwa mwamuna, amati ndi wotentha, akaligwira limadwala tsempho, limanyentchera. Asewere anali atasiya kusamba kalekale, koma amuna awo alipo. Ine ndinali wamasiye, ndiponso, malinga ndi kulengeza kwa ku Mitundu, wosiya kusamba. Kuwonjezera apo, mwana wa mwana wamkazi ndi wa kuchikazi. Ntchito yosambitsa khanda inagwera ine. Asewere anavomera ndi pakamwa, koma duku lawo linawongoka kuposa kale.

Anabadwa mnyamata. Ndinatenga tchuthi kuntchito n'kusamukira ku Area 14 ndi kachikwama kanga. Tsiku loyamba kumusambitsa ndinkalankhula ngati katswiri. Beseni linali la buluu, madzi ndinawayesa ndi chigongono monga anandiphunzitsira mayi anga. Kamutu kake kanakwana m'dzanja langa limodzi. Sanalire. Anangotambasula tizala take m'madzimo n'kundiyang'ana ndi diso limodzi ngati akufuna kudziwa ngati ndikuidziwadi ntchitoyo. Ndinamupukuta, kumudzoza, kusamala pamchombo, n'kumupereka kwa mayi ake. Chiyambire imfa ya amuna anga ndinali ndisanasangalalepo chotero.

Ndinamusambitsa masiku owerengeka okha. Mmawa wina ndikuyanika matewera kuseri kwa nyumba, msana unandigwira m'njira imene ndinkaidziwa bwino. Ndinati ayi, n'chifukwa cha kuweramaku. Pofika kubafa ndinapeza kuti msambo wabwerera, ndipo sunabwere mwaulemu. Unabwera wambiri, wa mibulumibulu, ngati ukulipirira miyezi yonse imene unajomba.

Ndinaima m'bafamo nthawi yaitali nditagwira sinki. Palibe amene ankadziwa. Ndikanatha kudzimanga bwinobwino, kutuluka, kutenga beseni langa la buluu n'kupitiriza. Za tsempho ndilibe nazo chikhulupiriro chonse, ndakhala m'tauni muno kuyambira ndili mtsikana ndipo ndaona makanda akugwiridwa ndi anamwino amene palibe amawafunsa za mwezi wawo. Koma makanda amadwala. Akanangotsokomola kamodzi mwanayo, ndikanayamba kudzifunsa mafunso amene alibe mayankho. Chinanso n'chakuti tinali titapangana, ndipo ine sindine munthu wolowa m'chipinda cha mwana wanga mozemba ngati mbala. Ndinatuluka.

Ndinawapeza kukhitchini, mwana wanga akumwa phala, asewere akutsuka makapu, khanda lili mtulo pamiyendo ya mayi ake. Choyamba ndinayenera kupempha padi kwa mwana wanga yemwe, mwa aakulu aja a amayi ochira kumene. Kenaka ndinanena.

"Asewere, lero mwanayu musambitse ndinu. Ine ndapita kumwezi."

Kapu inaima m'manja mwawo. Anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kupita kukanyamula khanda pamiyendo ya mayi ake, n'kuima nalo kutali nane, pafupi ndi firiji. Zimenezo ndinaziyembekezera. Zimene sindinaziyembekezere ndi zimene zinatsatira.

"Wosiya sayambiranso, asewere," anatero.

"Inenso ndimadziwa choncho. Koma ndi izi zabwerazi."

"Mwati munakhala miyezi ingati osaona?"

"Isanu ndi itatu, kapena ndi inayi."

Ndinaona milomo yawo ikuwerenga. Anandiyang'ana m'chiuno, mmene ndinali nditanenepa ndithu chaka chimenecho. Anakumbutsa za thukuta langa, za chizungulire chimene ndinadandaula tili kuchipatala, za kukwiyakwiya kwanga. Anafunsa ngati magaziwo ndi ambiri, ine mopusa n'kuvomera.

"Kwathu zimenezo sititi msambo," anatero motsitsa mawu. "Timati kupita padera."

Tanthauzo lake ndinalimva lisanathe kutuluka m'kamwa mwawo. Mkazi amene wapita padera amati ali ndi chitayo, ndipo chitayo ndi choopsa kuposa mwezi. Sakhudza khanda, salowa m'chipinda chake, saphikira mayi ake, osati kwa masiku ayi, koma kwa miyezi, mpaka akulu atamukonzera mankhwala. Ndipo ine ndinali mkazi wamasiye. Anali kundichotsa pa mdzukulu wanga n'kundivekanso mimba ya mwamuna wosadziwika.

Mtima wanga wapachala uja unadzuka wonse. Ndinawafunsa ngati mimbayo anandipatsa ndi mzimu wa malemu. Ndinawafunsa ngati ku Nsaru amayeza mimba ndi maso ngati maungu. Ndinanena zinanso zimene sindingalembe pano, mpaka khanda linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Asewere sanakweze mawu ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Anangoti iwo sakuweruza munthu, akuteteza mwana. Anatuluka nalo khandalo kupita kuchipinda n'kutseka chitseko.

Madzulo ake mwana wanga anandipeza pakhonde, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mabala a uchembere. Anakhala pambali panga n'kumasewera ndi mphonje ya nsalu yake.

"Amayi," anatero, "ngati pali munthu, ndiuzeni. Sindikwiya. Adadi anapita kalekale, inunso ndinu munthu."

Ananena mwachikondi, ndipo n'chifukwa chake zinandilasa kuposa mawu onse a asewere. Mwana amene ndinamubereka, wophunzira mpaka ku yunivesite, analibe njira ina yomvetsera zimene zinandichitikira. Ndinafuna kumukalipira, koma ndikanamuuza chiyani? Inenso sindinkadziwa. Ndinangoti, "Palibe munthu," iye n'kugwedeza mutu mwaulemu, mmene timagwedezera kwa akulu tikakhala kuti sitinakhutire.

Mkamwini wanga, munthu wofatsa amene nkhani za amayi zimamuthawitsa, anadzipereka kuti andiperekeze pagalimoto ku Area 4 kuti ndikapume. Ndinakana. Ndikanachoka, nkhaniyo ikanatsala ikukula yokha. Ndinasamutsa kachikwama kanga n'kukalowa m'kanyumba ka kuseri, kamene amasungiramo makasu ndi njinga yakutha. Mmawa ndinkasesa bwalo lonse, kuyambira kugeti mpaka kumpanda wa kuseri, masamba amene wantchito wa pabwalo akanatha kusesa yekha. Nthawi yosambitsa ikafika ndinkapezeka ndikusesa pansi pa windo la kuchipinda. Mwanayo ankalira m'manja mwa asewere, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chake: madzi awo ankakhala ozizira, amayesa ndi zala. Ndinkaluma mano n'kumasesa malo amodzimodzi.

Magazi aja sanafulumire kuleka. Tsiku lina ndikuwerama kuti ndiwole zinyalala, maso anachita mdima, ndinakhala pansi pafumbi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavala, kukwera minibasi ya ku Old Town, n'kupita kuchipatala osauza munthu.

Anandiona dokotala wamkazi, wa msinkhu ngati wanga womwewu, wa imvi zimene sanavutike n'kuzidetsa. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira mbale ya mchere mpaka chitayo. Sanaseke. Anati ayeze kaye mimba, chifukwa pa msinkhu wanga zimathekabe. Ndinamuuza kuti akaipeza aitane abusa ndi atolankhani. Sanaipeze, ndipo panalibe chizindikiro chakuti inalipo. Anandiyeza khomo la chiberekero, anandiunika m'mimba ndi makina, anatenga magazi. Zonse zinali bwino, kupatula kuti magazi anali atachepa m'thupi, ndiye anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi ndi ena ochepetsa kutayako.

Kenaka anakankhira mpando wake kumbuyo n'kundiuza zimene palibe anandiuzapo. Anati msambo suleka tsiku limodzi. Zaka zingapo usanalekeretu, thupi limayamba kusintha: umajomba, umabwerera, mwezi wina wochepa, mwezi wina wambiri. Moto wa pachifuwa uja, kuduka kwa tulo, kuiwalaiwala, kupsa mtima, kunenepa m'chiuno, zonsezo ndi za ulendo umodzi womwewo. Anati iwo amanena kuti mkazi wasiya kusamba pokhapokha chaka chathunthu chikadutsa osaona kanthu. Chisanakwane chakacho, chilichonse chikhoza kuchitika. Koma chikakwana, kenaka n'kudzaonanso magazi ngakhale kadontho, ndisadzafunse mayi aang'ono kapena asewere, ndidzathamangire kuchipatala, chifukwa pamenepo akhoza kukhala matenda.

"Ndiye kuti sindinapenge?" ndinamufunsa.

"Mukanapenga, bwenzi tapenga tonse," anatero, akudzikupiza ndi faelo yanga.

Ndinatuluka m'chipatalamo ndili wopepuka. Sindinakwere minibasi msanga. Ndinayenda wapansi kudutsa m'misika ya Old Town, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kuwaona amayi a msinkhu wanga. Wogulitsa tomato akudzikupiza ndi chikatoni kunja kukuzizira. Wa pa telala atavula juzi, anzake atavala. Pa sitolo ina ya nsalu, mayi wachisilamu amene ndimagulako zitenje anali atamasula pang'ono mpango wake pakhosi, thukuta lili mbwee pamphuno. Tinayang'anana.

"Inunso?" ndinatero.

"Chaka chachitatu chino, achemwali," anayankha. "Amuna anga amati ndikuwawotcha ngati mbaula."

Tinaseka mpaka ogula anatembenuka. Ndinachoka pamenepo ndikudzimva wamtali. Amayi onsewa amadzuka, kutsekula masitolo, kuwerengera anthu chenji, kulera ana ndi adzukulu, moto uli pachifuwa, tulo atagona theka, ndipo palibe amene amawaombera m'manja. Ndinanyadira kukhala mmodzi wa iwo.

Zimene dokotala analemba m'kabuku ka kuchipatala ndinazisiya m'chikwama. Sindinafune kukaonetsa pepala ngati wakuba amene wamasulidwa kupolisi. M'malo mwake ndinaimbira foni mayi aang'ono ku Mitundu. Ndinawauza kuti iwo ndiwo anandiveka ufumuwu, abwere adzaone mmene wandikhalira.

Anafika tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, nkhuku ili m'khwapa, kabotolo ka fodya wamphuno kali m'chiuno. Mchombo unali utagwa kale, ine ndili kubwalo ndi tsache langa. Asewere anali ataitana akulu awo obadwa nawo, mayi wokalamba wa ndodo, ndi amayi awiri a kumpingo. Masana, amuna ali kutsogolo ndi mkamwini, ife tinayala mikeka pansi pa mtengo wa mango kuseri. Ine anandiikira kampando pambali, patali pang'ono ndi mkeka. Mwana wanga anali m'nyumba ndi khanda, akudikira kuitanidwa.

Asanayambe mwambo ndinapempha kulankhula. Ndinali nditalumbira mumtima kuti lero sindikalipa, ndipo ndinagwira mawondo anga ndi manja onse awiri kuti ndizikumbukira. Ndinafotokoza zonse mwa dzina lake, osazungulira: miyezi imene ndinajomba, mmene msambo unabwererera, zimene asewere anaganiza, zimene dokotala anapeza ndi zimene sanapeze. Amayi a kumpingo aja anayang'ana pansi, chifukwa nkhani zotere sitizinena masana. Nditamaliza ndinawafunsa funso limodzi.

"Pano tonse ndife akuluakulu. Ndani mwa inu amene anasiya tsiku limodzi, ngati kutseka mpopi?"

Nkhuku ya ku Mitundu ija, itamangidwa mwendo kumpanda, ndiyo yokha inkalankhula. Mayi aang'ono anatulutsa kabotolo kawo, kugogoda fodya padzanja, kununkhiza mphuno iyi ndi iyo, n'kuyetsemula.

"Ine zinandibwerera," anatero. "Chaka chitatsala pang'ono kukwana. Anali atandisankha kale kuti ndikafulule mowa wa m'meto wa malume ako. Ndikanatani? Ndinamanga nsalu kuchibwano n'kunena kuti dzino landigwira. Ndinagona m'nyumba mpaka mowa unapsa, ndikubuula dzino labwinobwino. Mpaka anabwera ndi munthu woti alizule."

"Analizula?" anafunsa mmodzi wa amayi a kumpingo.

Mayi aang'ono anatsekula pakamwa n'kuloza mpata wa kumanzere. Amayi anagwa nacho chiseko, wina mpaka kugwira nthiti. Ine ndinaseka nawo, koma mkwiyo unali pafupi.

"Ndiye inu mukudziwa zonsezi, munandipatsiranji mbale ya mchere?"

"Ndinkayesa zinachitikira ine ndekha, mwanawe. Ndinkati ndine wolakwika." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. "Mtsikana akatha msinkhu timamukhazika pamphasa, kumulangiza mpaka makutu kuwawa. Za kumathero kuno ndani anatikhazikapo? Aliyense amadzionera yekha n'kukhala chete."

Apo m'pamene pakamwa panatseguka. Mmodzi wa amayi a kumpingo anati iye zinkapita n'kubwera kwa madzinja atatu. Mnzakeyo anati mpaka lero amagona ndi thaulo pambali. Asewere anakhala chiwongokere, manja pamiyendo, osaseka. Akulu awo aja, amene anali asanalankhulepo, anawagogoda phazi ndi ndodo.

"Nanga iwe wangoti duu bwanji? Waiwala muja unabwera kwathu ukulira kuti akulodza, magazi abwerera utasiya? Si ine ndinakuperekeza kwa sing'anga, tinakasiyako mbuzi yaulere?"

"Achemwali, zimenezo n'zakale," anatero asewere.

"N'zakale, koma mbuziyo inali yanga."

Sindinaseke pamenepo, ngakhale chiseko chinali chitafika pakhosi. Ndinawayang'ana asewere ndipo ndinaona kuti sankanama dala. Anali ataiwaladi, kapena anazikwirira pakuya chifukwa kwa iwo zinali za ufiti, zochititsa manyazi, zosagwirizana ndi za munthu wina aliyense. Anakonza duku lawo, limene silinafunike kukonza. Kupepesa sanapepese, ndipo mpaka lero sanapepesebe. Anangondiyang'ana n'kufunsa ndi mawu a ntchito.

"Komabe mwambo ndi mwambo, asewere. Panopa zatha?"

"Zinatha dzana."

"Nanga mwana akadwala?"

"Akadwala tidzapita naye kuchipatala tonse awiri, inu ndi ine. Ndipo zikadzabweranso ndidzakuuzani, monga ndinakuuzirani ulendo uno. Sindinabise pamene ndikanatha kubisa."

Asewere anasendera pang'ono, kusiya malo pakati pa iwo ndi akulu awo. Ndinanyamuka pakampando kaja n'kukakhala pamkekapo. Ndinauzanso mayi aang'ono kuti za mchere wa pamaliro ayambe afuna wina, ine ndidzabwera ndekha kudzaitanitsa chaka changa chikakwana. Anati ndine mwana wamwano kuyambira kale.

Sitinadziwe kuti mwana wanga sanadikire kuitanidwa. Anali ataima pakhomo la kukhitchini, khanda lili pachifuwa, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti wamva zonse. Anatsika masitepe mosamala. Malinga ndi mmene anakonzera mmawa, mwanayo ankayenera kuperekedwa kwa asewere kuti ndiwo amuonetse kwa anthu, ndipo iwo anali atayamba kale kutambasula manja. Mwana wanga anagwada patsogolo pawo.

"Amayi, mundilole," anatero kwa apongozi akewo.

Asewere anabweza manja awo pamiyendo, n'kugwedeza mutu kamodzi. Iye anayenda ndi mawondo mpaka pamene ndinali. Maso ake anali odzaza misozi.

"Amayi, pepani. Ndinakufunsani funso loipa."

"Unafunsa zimene unkadziwa," ndinamuyankha. "Bweretsa kuno mwanayo."

Anamuika m'manja mwanga. Ndinatsekula kansalu kuti ndimuone bwino. Khungu lofiira lija linali litayamba kuda, masaya atatuluka, pamchombo patauma bwinobwino popanda ine. Masiku a chikuta anali atapita, ndipo sadzabweranso, chifukwa mdzukulu woyamba amabadwa kamodzi. Mayi aang'ono anayambitsa nthungululu, amayi ena n'kulandira, ndipo ndinamva mawu a asewere ali m'gulumo. Ine sindinathe kululuta. Ndinangomukweza pang'ono mwanayo n'kumutsitsa, kumukwezanso n'kumutsitsa. Anali atalemera kuposa mmene ndinamusiyira.